Ndende ya Ugolino inali yeniyeni

Alembi, mwanena kuti Dante, mlakatuli wakale wa ku Italy, ankayerekeza gehena ndi ndende pofuna kuopseza owerenga basi, koma mwasiya nkhani ya Ugolino, mtsogoleri wa mzinda wa Pisa ku Italy komweko, yomwe sinali yopeka. M'chaka cha 1289, mkuluyu anafa ndi njala m'nsanja ina ku Pisa, pamodzi ndi ana ake awiri ndi zidzukulu ziwiri, adani ake atakhoma chitseko. Mu Inferno, ndakatulo yake yonena za gehena, Dante akumupeza m'madzi oundana akukukuta mutu wa arkiepiskopi Ruggieri, amene anamutsekeretsa. Chimene chimandikhudza ine n'chakuti Ugolino sadandaula za chilango cha kugehenako, koma za nsanja ija, momwe mwana wake Gaddo anagwera pamapazi pake akupempha thandizo, n'kufera pomwepo.