Landilodi akamira m'ngongole: ku Joni dipoziti ili ndi mlonda, kwathu ili m'thumba la munthu

Tsegulani nyuzipepala zathuzi muone zidziwitso za nyumba zomwe mabanki akugulitsa chifukwa eni ake alephera kubweza ngongole. Mwa zina mwa nyumbazo muli mabanja a lendi omwe analipiriratu miyezi itatu, ndipo nkhaniyi amaimva tsiku lomwe ogula afika kudzasuzumira m'zipinda. Ndalama ija landilodi anadya kalekale. Pangano linali lapakamwa, lisiti ndi kapepala kong'amba m'kope, nanga mukamugwira pati?

Ku South Africa nkhani ya dipoziti anaimanga ndi lamulo. Rental Housing Act ya 1999 imalamula landilodi kusunga dipoziti mu akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi cha wa lendi. Mukatuluka nyumba ili bwino, akubwezereni pasanathe masiku 7. Ngati pali zokonza, achotse mtengo wake, akuonetseni malisiti, zotsala abweze pasanathe masiku 14 chimubwezereni nyumbayo. Akachita matama mumakasuma ku Rental Housing Tribunal, bwalo lomva madandaulo a nkhani za lendi, kwaulere. Chokoma kwambiri ndi pomwe dipoziti ili m'manja mwa ejenti wolembetsedwa: imakhala mu trust account, akaunti yapadera yosungira ndalama za eni, choncho siisakanikirana ndi ndalama za landilodi zomwe angongole akulimbirana. Kwathu ejenti amatenga komishoni yake n'kuzima foni.

Landilodi wa ku Joni akagamulidwa ndi khoti kuti ngongole zamuposa, pangano la lendi silithera pomwepo. Insolvency Act ya 1936, ndime 37, imati mawu alionse a mu kontilakiti onena kuti lendi itha wina akagwa m'ngongole ndi opanda ntchito. Katundu wa landilodiyo amapita m'manja mwa trustee, munthu wosankhidwa kuti ayang'anire katunduyo ndi kulipira angongole, ndipo lendi muzilipira kwa trustee ameneyo. Mukapitiriza kupatsa landilodi mukudziwa zomwe zachitika, mutha kulipira kawiri. Nyumba ikagulitsidwa, ali ndi mfundo yomwe amati huur gaat voor koop, kutanthauza kuti wogula amakulandirani pamodzi ndi pangano lanu mpaka lithe.

Koma tisawatame mopitirira. Ngati banki inalembetsa chikole chake inu musanalowe, nyumba amayamba kuitsatsa ndi lendi yanu momwemo. Mtengo ukapanda kukwana ngongole ya banki, amaitsatsanso popanda lendi yanu, pangano lanu n'kufera pomwepo. Ndipo dipoziti yomwe landilodi anasunga yekha n'kuidya, mumakaima nayo pamzere wa angongole opanda chikole, omwe amatola nyenyeswa. Chokutetezani chotsala ndi lamulo la 1998 loletsa kutulutsa anthu m'nyumba mosatsata malamulo, lotchedwa PIE: palibe wokutulutsani m'nyumba yokhalamo popanda chigamulo cha khoti.

Wogwa m'ngongole akakhala wa lendi, landilodi wa kumeneko ndiye amalira. Trustee ali ndi miyezi itatu chisankhidwireni yonena ngati apitiriza pangano, akakhala chete ndiye kuti latha. Katundu wa m'nyumba amakhala ngati chikole cha lendi yotsalira, koma pa lendi ya mwezi ndi mwezi chikolecho chimangofika miyezi itatu basi. Amene analekerera ngongole kufika miyezi isanu ndi itatu, isanu inayo akaifunira kumzere kuja. Apa malandilodi a ku Ndirande ndi ku Area 25 angaseke, poti iwo amangokhoma loko wina kapena kuzula chitseko, ngakhale kutero n'kudzigamulira mlandu wekha.

Lamulo la Insolvency Act nafenso tili nalo, la 2016, koma wa lendi wamba saliona n'komwe. Ndiye musanapereke miyezi itatu yanuyo, ngati malowo ndi olembetsedwa kafufuzeni ku ofesi ya za malo ngati nyumbayo siili pa chikole, lembetsani pangano losainirana ndi mboni, ndipo lipirani kudzera ku banki kapena pa foni kuti umboni utsale.