Beast nayenso anali mlendo ku Joni

Dzulo ndinali pa boda ya Dedza kuperekeza mwana wa achemwali anga amene wakwera basi ya ku Joni. Ali ndi zaka 22. Katundu wake ndi chikwama chimodzi ndi jumbo ya mbatatesi yokazinga imene mayi ake anamukonzera mbandakucha. Basi italowa ku Mozambique ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, ndipo usiku tulo tinasowa. Maganizo anga anali pa munthu amene ambiri kuno simumudziwa, Tendai Mtawarira, katswiri wa masewero a rugby amene dziko lonse limamutcha Beast.

Kuno tikati mpira timanena Bullets ndi Wanderers. Rugby ambiri amaiona ngati ndewu ya anthu ojintcha olimbirana mpira wonga dzira, ndipo inenso ndinkaiona choncho. Anandiphunzitsa masewerawa ndi mng'ono wanga, amene anakhala ku Durban zaka zingapo akugwira ntchito ya ulonda. Mu Epulo 2015, pamene anthu kumeneko anayamba kuthamangitsa ndi kupha alendo, anathawira ku msasa wa ku Isipingo, kenako anabwera pa mabasi amene boma lathu linatumiza. Anafika pakhomo ndi jumbo imodzi. M'kati munali buluku, pasipoti ndi jezi yakuda ya Sharks, timu ya rugby ya ku Durban. Wailesi, bedi, njinga, ndalama za miyezi iwiri zimene bwana anali asanamupatse, zonse zinatsala komweko. Mwezi wathunthu ankangokhala pakhonde kuothera dzuwa, osayankhula, ndipo chitseko chikangomenyeka ankadzidzimuka. Koma jezi ija ankaichapa yekha, osalola munthu wina kuigwira.

Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Iwe, anthu amenewa anafuna kukupha. Jezi yawo ukuisungiranji?" Anandiyankha kuti, "Achimwene, jezi iyi si yawo okha. Amene amavala nambala 1 ndi mlendo ngati ine."

Mtawarira anabadwira ku Harare pa 1 Ogasiti 1985. Anaphunzira ku Churchill School, kenako ku Peterhouse, ndipo ali mnyamata anapita ku Durban kukalowa m'gulu la achinyamata la Sharks. Poyamba ankasewera kumbuyo kwa scrum, malo othamanga ndi mpira. Mphunzitsi wake Dick Muir ndi amene anamuuza kuti tsogolo lake lili kutsogolo, pa malo otchedwa prop. Munthu wamkulu kale anayambiranso kuphunzira ntchito yatsopano, ndipo ndi ntchito yowawa zedi.

Ndifotokoze pang'ono, chifukwa osadziwa scrum sangamvetse chimene ndimalemekezera bambo ameneyu. Timu imakhala ndi osewera 15. Pa scrum, amuna 8 amagwirana, n'kuwerama, n'kulowetsa mitu pakati pa mitu ya amuna 8 a timu inayo, basi kukankhana. Gulu limodzi limalemera pafupifupi makilogalamu 900, kapena kuti matumba 18 a chimanga. Mphamvu yonseyo, ya anzako kumbuyo ndi ya adani kutsogolo, imathera pa khosi ndi mapewa a anthu atatu a mzere woyamba. Beast ankaima kumanzere kwa mzere umenewo. Kumeneko kulibe kuvina kapena kuchenjeretsa. Nkhope yako sioneka n'komwe pa kanema. Amene amagoletsa ndi ena, iwe ntchito yako ndi kusenza. Aliyense amene anakwezapo matumba a mbatatesi mu lole pa Bembeke kapena pa Lizulu, chisanu chili m'mafupa, akudziwa ululu umene ndikunenawu.

Tsopano taonani masiku awa. Mu Meyi 2008, anthu oposa 60 anaphedwa ku South Africa pa zipolowe zodana ndi alendo, ndipo ambiri mwa othamangitsidwa anali a ku Zimbabwe, Mozambique ndi kuno kwathu. Mwezi wotsatira, pa 14 Juni, mnyamata wa ku Harare anavala koyamba jezi yobiriwira ya Springboks, timu ya dziko la South Africa, pokumana ndi Wales. Mu Juni 2009 ku Durban, pokumana ndi British and Irish Lions, timu ya akatswiri osankhidwa a ku Britain ndi Ireland, anapinda Phil Vickery, katswiri amene anatengapo chikho cha dziko lonse ndi England mu 2003, mpaka aphunzitsi anamutulutsa m'bwalo masewero asanathe. South Africa inapambana 26-21. Beast akangogwira mpira bwalo lonse linkabangula dzina lake.

Koma chaka chomwecho chisanathe, akuluakulu a boma anayamba kufunsa kuti munthu wopanda unzika akuimira bwanji dziko lawo. Malamulo a rugby ankamulola, chifukwa anali atakhala m'dzikomo zaka zitatu. Komabe phungu Butana Komphela, amene ankatsogolera komiti ya zamasewero ku nyumba ya malamulo, anafika poopseza kuti Beast abwezedwe kwawo. Anamuchotsa mu timu ndipo masewero ena anamudutsa. Unzika anamupatsa mu Juni 2010.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Ndine wokondwa kuti anamupatsa, anayenera. Koma tisanamizane, mapepala ake anatuluka msanga chifukwa dziko linkafuna mapewa ake. Nanga mapewa a ana athu sakusenza dziko lomwelo? Amene akumanga nyumba za ku Johannesburg, kuthirira maluwa m'mabwalo a mabwana, kulondera usiku wonse pageti, kulera ana a eni, ndi ndani? Sindikunena kuti dziko lisakhale ndi malamulo olowera ndi kutuluka, ayi. Amene alibe mapepala amutenge mwalamulo, amukweze basi, abwere kwawo ali wamoyo ndi katundu wake. Chimene ndikukana ndi chakuti munthu azichita kukhala katswiri wodziwika dziko lonse kuti asawotcheredwe nyumba.

Ndipo Beast sanabweze choipa. Anasewera masewero 117 mu jezi ya Springboks, kuposa prop wina aliyense m'mbiri ya timuyo pa nthawi imene ankapuma. Anachita zimenezi ali ndi vuto la mtima wogunda mosalongosoka, limene mu 2012 linamugoneka m'chipatala ku Dublin timu ili pa ulendo. Ku Sharks anakhalako zaka zoposa khumi osasuntha.

Pa 2 Novembala 2019, Loweruka, cha m'ma 11 koloko m'mawa, ine ndi mng'ono wanga tinapita pa malo ena oonetsera mpira pa Dedza boma. Tinachita kuchonderera mwini malo kuti atsegule tchanelo cha rugby, ndipo anavomera chifukwa mpira wa ku England unali usanayambe. Tinalipo anthu osakwana khumi. Anali masewero otsiriza a chikho cha dziko lonse ku Yokohama, South Africa ndi England. Chaka chimenecho mu Marichi Amalawi anali atathamangitsidwanso ku Durban, ndipo mu Seputembala masitolo a alendo anali atawotchedwa ku Johannesburg. Ndinkaganiza kuti mng'ono wanga achemerera England. Anabwera atavala jezi yakuda ija.

Beast anali ndi zaka 34. Scrum iliyonse ankangomubweza m'mbuyo Dan Cole, prop wa England, ngati ng'ombe yokoka khasu, woyimbira n'kumapereka penate, Handré Pollard wa South Africa n'kumamenya mpira pakati pa mitengo. Mapeto ake South Africa inapambana 32-12. Anthu amakumbukira kuthamanga kwa Makazole Mapimpi ndi Cheslin Kolbe, komanso Siya Kolisi, kaputeni woyamba wakuda, atakweza chikho. Zonsezo n'zoona ndipo n'zokoma. Koma England inathyokera pa scrum. Pamene ankamutulutsa Beast kuti alowe wina, mng'ono wanga anaimirira yekha m'chipindamo, n'kuvula chipewa, misozi ili mbwembwembwe. Anyamata amene ankadikira mpira wawo anasiya kuseka. Patangopita masiku ochepa Beast analengeza kuti wapuma ku Springboks.

Ndisanaloze chala eni ake a Joni okha, ndiyang'anenso pakhomo pathu. Ife a ku Dedza ndi Ntcheu tikudziwa bwino za alendo. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, makolo athu analandira anthu othawa kwawo, anawapatsa malo, ena anakwatirana nawo, ndipo mpaka lero pa Lizulu ukangodumpha msewu uli m'dziko lina. Koma mu 2023, pamene anthu a ku Burundi ndi Rwanda ankatoledwa m'matauni kubwezedwa ku Dzaleka, ndinamva anthu ena akuwomba m'manja chifukwa cha timashopu timene tinatsala. Ena mwa owomba m'manjawo ali ndi ana ku Joni, ndipo amadya ndalama zochokera komweko. Zinandichititsa manyazi, ndipo ndinawauza pamaso.

Mwana wa achemwali uja tinayesetsa kumuletsa. Analemba Fomu 4, wakhala zaka zitatu akupalasa kabaza, ndipo anatifunsa kuti akhale kuno azidya chiyani. Tinasowa chomuyankha. Mng'ono wanga sananene zambiri. Analowa m'nyumba, n'kutulutsa jezi ija, imene tsopano yasuluka ndipo yang'ambika pakhosi, n'kumuikira m'chikwama.

M'mawa uno watumiza uthenga pa WhatsApp: "Malume, tadutsa Nyamapanda bwinobwino, pano tili ku Harare." Mayi ake akhala pamkeka foni ili m'manja, akudikira wa ku Beitbridge.