Makina akaphonya, amatchula dzina langa

Lolemba lapitali kapitawo anaimitsa ntchito, anatisonkhanitsa tonse a shifti ya usiku, ndipo atakweza m'mwamba bolodi ya zamagetsi (kathabwa kamene timawotchererapo tizipangizo) imene kasitomala anabweza, anatchula dzina langa pamaso pa anthu onse. Pa bolodiyo panali diode, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, yoikidwa motembenuza. Sanafunse kuti inadutsa bwanji, anangowerenga nambala yanga pa chikalata chimene ndimasainira gulu lonse la mabolodi.

Inu amene muli m'mafakitale a zipangizo zamagetsi kuno ku England mukudziwa kayendedwe ka ntchitoyi. Bolodi ikatuluka mu uvuni wa reflow, umene umawotcherera tizipangizo pa bolodi, imalowa m'makina oyendera mabolodi otchedwa AOI, amene amaijambula ndi makamera n'kuiyerekeza ndi zimene analemberedwa mu pulogalamu. Makinawo akakayika, bolodi imabwera pa tebulo langa, koma akaivomereza sindiiona n'komwe. Bolodi ya diodeyo anaivomereza ndi makina. Ndipo tonse tikudziwa kuti mwezi watha injiniya anafewetsa malire a pulogalamu chifukwa makina ankakana mabolodi abwinobwino, zimene amazitcha false call, ntchito n'kumachedwa. Injiniyayo anali pomwepo Lolemba lija, manja m'thumba, ndipo sanatsegule pakamwa.

Usiku wonse maso anga amakhala pa maikulosikopu. Kachipangizo ka saizi yotchedwa 0402 n'kotalika milimita imodzi, m'lifupi theka la milimita, ndipo kakaimirira mbali imodzi, vuto limene amalitcha tombstone, ndiyenera kukagoneka ndi kukawotcherera popanda kukhudza tinzake. Solder, chitsulo chosungunula chimene timawotcherera nacho, ikalumikiza molakwika timiyendo tiwiri ta chip, wochotsa ndine. Chiyambire 2006, pamene malamulo a ku Ulaya otchedwa RoHS anachepetsa mtovu m'zipangizo zamagetsi, solder imene timagwiritsa ntchito imasungunuka pa madigiri pafupifupi 217, pomwe yakale ija inkasungunuka pa 183, choncho dzanja likachedwa pang'ono mkuwa umamatuka pa bolodi ndipo bolodi yonse yatayika. Zimene ndimapulumutsa palibe amene amaziwerenga. Akuwerenga diode imodzi imene sinafike ngakhale pa tebulo langa.

Paipi yokoka utsi pamalo panga ndi yofooka, ndipo ndanena kangapo. Utsi wa flux ya rosin, mankhwala othandiza solder kumata, umayambitsa mphumu, zimenezi n'zolembedwa ngakhale pa zikwangwani za m'fakitale momwemo, koma yankho ndi lakuti ndidikire. Satifiketi ya IPC-A-610, ya luso loyendera mabolodi, imatha mphamvu pakapita zaka ziwiri; olembedwa ntchito yokhazikika amawalipirira, ife obwera kudzera ku ejensi yopezera anthu ntchito amatiuza kuti tidzionere tokha. Lamulo limanena kuti wa ejensi akakwanitsa masabata 12 pamalo amodzi alandire malipiro ofanana ndi anzake, koma ulemu suli m'lamulolo. Ndikapempha kuti bolodi yokhala ndi chip ya mtundu wa BGA ipite ku X-ray, popeza timipira ta solder timakhala pansi pamene kamera kapena diso sizifika, amandiyankha mwapang'onopang'ono ndi mokweza mawu ngati sindimva Chingerezi.

Ndakwiya nawonso anzanga akumudzi amene ndimakwera nawo basi. Akuti ndikhale chete, mlendo sadandaula, ejensi ikhoza kungosiya kundiimbira foni. N'zoona, ikhoza. Koma kukhala chete kumeneku n'kumene kwapangitsa kuti mlandu uliwonse uzigwera pa ife, pakuti aliyense akudziwa kuti sitiyankha. Achibale nawonso ku Blantyre akungofuna mafoni, poganiza kuti ndimawapanga ndi kuwatola pansi. Palibe amene wafunsapo za maso anga, amene pofika m'mawa amakhala akutuluka misozi.

Koma diode ija ndiyo ikundisowetsa tulo. Makina amasunga chithunzi cha bolodi iliyonse pamodzi ndi chigamulo chake. Kapitawo akanatsegula kompyuta, akanaona m'mphindi zochepa kuti bolodiyo sinakanidwe. Anaona kuti kuchititsa manyazi munthu wa ejensi n'kosavuta kuposa kufunsa injiniya kapena kuvomereza kuti makina amene anagula ndi ndalama zambiri amaphonya.

Ndinaphunzira ntchito imeneyi ndisanakwere ndege. Ndinkakonza mawailesi ndi matelevizioni ku Limbe, ndipo anthu ankabwera kuchokera ku Bangwe ndi ku Ndirande atamva mbiri ya manja anga. Bambo anga anagulitsa mbuzi kuti ndimalize maphunziro a zamagetsi. Ndinabwera kuno potsatira mayi a ana anga, amene amasamalira okalamba masana ine ndikugona, ndipo timangopatsana ana pakhomo. Mwana wanga wamkulu amauza anzake kusukulu kuti bambo ake amakonza zinthu zimene makina alephera, ndipo sindikufuna kuti adzandione nditazolowera kuweramitsa mutu. Takambirana ndi mayi ake kuti visa yawo ikatha tisapemphenso ina. Ndayamba kale kugula maikulosikopu, chida chowotchera ndi mpweya wotentha (hot air) ndi zida zina, kuti ndikatsegulenso malo anga ku Limbe ndi kuphunzitsa achinyamata kukonza bolodi m'malo moitaya.