Kodi mwana akatsokomola ndiye mum'phike?

Lachiwiri lapitali, cha m'ma 9 koloko usiku, tonse a mumpanda mwathu kuno ku Kawale tinatuluka ndi zovala zogonera titamva kukuwa kwa mwana. Kulira kwa mwana wokwapulidwa timakudziwa, koma uku kunali kwina. Titalowa m'nyumbamo tinapeza sefuliya itagubuduzika, masamba a bulugamu ali mbwee pasimenti, bulangete lonyowa likufuka nthunzi, kamnyamata ka zaka 3 kakuphupha pansi, khungu la m'ntchafu ndi pamimba litasupuka. Mlandu wake? Chimfine cha masiku awiri.

Makolo ake ndi anthu opita kusukulu, a mafoni akuluakulu. Anawiritsa madzi pambaula, kuthiramo bulugamu ndi Vicks, kumukhazika mwana pakampando, kumufunditsa bulangete mutu wonse, bambo atamugwira manja kuti asathawe. Mwana wa zaka 3, mumdima, akubanika, mumati achite chiyani? Aimbe kwaya? Anapalasa mwendo kamodzi kokha, basi.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi chimene chinatsatira. Wina akuthamangira Colgate, wina akuswa dzira, wina akufuula kuti thirani ufa, mtsikana wina wabwera kale ndi botolo la mafuta ophikira. Mwana wapsa, inu mukumukonza ngati chitumbuwa? Ndinachita kukalipa kuti onse apatuke, n'kuyamba kumuthira madzi ozizira a mumgolo mosalekeza, pafupifupi mphindi 20, kenako tinamufunditsa chitenje choyera n'kukwera galimoto la alandilodi. Pamene ndikulemba pano akadali chigonere kuchipatala, amake akugona pansi pa bedi.

Ndili m'galimotomo ndinamufunsa mayiyo kuti, "Mwana wanga, nzeru zimenezi wakupatsa ndani?" Iye akulira anati, "Agogo, tinamva pa WhatsApp, komanso nthawi ya Covid tonse tinkatero." Inde ndikukumbuka, kuchiyambi kwa 2021 mitengo ya bulugamu mu Lilongwe muno inatsala yadazi, aliyense akuthyola masamba. Koma munthu wamkulu akadzifunditsa yekha, zikamutentha amavundukula yekha. Khanda livundukula bwanji? Madzi amene mumasosolera nkhuku ndi amene mukuika pakati pa miyendo ya mwana wanu?

Ndipo sindikunena banja limodzi lokhali. June ndi July akangofika, mphepo ija ikayamba kulasa m'mafupa, kenako fumbi la August likamabuka ku Chinsapo, Mtandire, Mgona ndi Area 36, nyumba iliyonse imasanduka famase. Ndaona ndi maso anga khanda la miyezi iwiri likunyambititsidwa uchi pachala ati lafewetse pakhosi. Kusikelo anakuuzani kangati kuti uchi sapatsa mwana wosakwana chaka? Anakuuzani kangati kuti miyezi 6 yoyambirira ndi bere lokha, opanda madzi, opanda tiyi, opanda msuzi wa jinja? Mumakhala mukuimba nawo nyimbo zija m'mawa, kuwomba m'manja, mukatuluka pageti zonse zatsala komweko.

Wina amadontheza parafini pasupuni ya shuga, ati imadula chifuwa. Parafini! Yoyatsira koloboyi! Ikangolowera kumapapo mwana amapita inu mukuona. Wina amatapa Vicks ndi chala n'kumumezetsa mwana, kapena kumutsira m'mphuno. Pabotolopo analemba kuti ndi opaka kunja, ndipo sapaka mwana wosakwana zaka 2, koma ndani amawerenga? Abambo ena, ndevu pepeya, amasakaniza kachasu ndi ndimu n'kumumwetsa mwana wa Sitandade 2 ati atenthe m'chifuwa. Ngati mukufuna chifukwa chomwera, imwani nokha, mwana mum'siye.

Nanga za makapisozi? Munthu amatsika minibasi m'depoti, kupita kwa mnyamata woyala mankhwala padzuwa pafupi ndi wogulitsa mankhwala a makoswe, n'kunena kuti, "Achimwene, mundipatseko amoxicillin anayi ndi Bactrim awiri." Anayi! Ngati akugula mandasi. Akafika kunyumba amatsegula kapisozi, kukhuthulira m'phala, mwana wam'ng'ono theka, wamkulu yense. Chimfine sichimva amoxicillin, chimatha chokha sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Chimene mukuchitacho n'kuzolowetsa tizilombo mankhwala, tsiku limene mwana adzadwale chibayo chenicheni, mankhwala omwewo adzakhala ngati madzi. Ndiye mudzayamba kuloza zala azakhali a kumudzi kuti alodza mwana.

M'kabati mwanu muli LA wotsala wa chaka chatha, amene wina anasiyira panjira atangomva bwino. Mwana akatentha thupi mumam'patsa yemweyo osayezetsa. Kuyeza malungo pachipatala cha boma n'kwaulere, kubaya pachala, mphindi zochepa zotsatira zatuluka. Chovuta n'chiyani? Mzere? Mzere wa mafuta a galimoto mumagonapo usiku wonse, koma wa mwana wanu watalika?

Panado naye mwamusandutsa mtedza. M'mawa Panado, masana mankhwala amadzi a chimfine amene ali ndi paracetamol yemweyo m'kati, madzulo Panado wina wa akulu wobenthula ndi mano. Chiwindi cha mwana n'chachikulu bwanji? Aspirin sapatsa mwana wa chimfine, izi si zachilendo. Ndipo timabotolo totsekemera topanda dzina lodziwika, togula pamsika, munaiwala kale za ku Gambia mu 2022? Ana pafupifupi 70 anafa impso zitasiya kugwira ntchito atamwa mankhwala a chifuwa oipitsidwa. Amayi awo ankaganiza kuti akuthandiza, monga mmene inu mumaganizira. Boma linaika bungwe la PMRA kuti liziona mankhwala olowa ndi ogulitsidwa m'dziko muno, inu mukukhulupirira thumba la pulasitiki lopachikidwa pa okala.

Usiku ukafika, kumaliza zonse, mumalowetsa mbaula yoyaka kuchipinda, kutseka zenera, kutsekera nsanza pansi pachitseko, ati mwana asazizidwe. Mpweya wa makala sununkha, suchenjeza, umangogonetsa. Simunamvepo banja lonse litapezeka m'mawa litauma m'nyumba yokhoma? Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Wina ati gogo ameneyu akudana ndi zachikuda. Ayi ndithu. Ine ndakulira ndimu, ndipo ana anga onse ndawalera ndi madzi ofunda a ndimu ndi uchi atakwana msinkhu, tiyi wa jinja, adyo m'ndiwo, phala lamadzimadzi, ndi madzi amchere ofunda ochukucha pakhosi kwa amene akudziwa kulavula. Mphuno ikatseka, timadontho ta madzi amchere oyera, kupukuta mamina, kuyamwitsa pafupipafupi, kumulola mwana agone. Zimenezi zimatonthoza pamene thupi likumenya lokha nkhondo yake. Koma amayi anga, amene sanaponde m'kalasi, ankavula mwana malaya n'kumuyang'ana pachifuwa, ndipo akaona nthiti zikulowa m'kati ankamangira mwana kumbuyo usiku womwewo, wapansi. Inu muli ndi kabaza pakhomo, muli ndi chipatala ku Kawale, ku Area 18, ku Area 25, ku Bwaila, muli ndi Chipatala cha pa Foni pa 54747, koma mumakhala masiku asanu mukufinya mandimu.

Mwana akupuma mothamanga ngati wathamangitsidwa ndi galu, inu mukuti tione mawa. Foni imene mumaonera mavidiyoyo ilibe wotchi? Khanda la miyezi 2 mpaka chaka likamapuma ka 50 pamphindi kapena kuposa, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamafika ka 40, chimenecho ndi chibayo mpaka adokotala atanena zina. Wakana bere, akusanza chilichonse, wakomoka, walefuka osadzuka, mukudikira chiyani? Abusa? Katemera woteteza ku chibayo anabwera m'Malawi muno mu 2011, waulere, koma tsegulani mabuku a kusikelo a ana ena muone mipata yake.

Zilonda zapakhosi nazo mumazipeputsa. Mwana wasukulu akulephera kumeza, thupi latentha, kukhosi kwatuwa mafinya, m'khosi mwatupa timabulu, koma sakutsokomola, inu mukumupatsa switi za menthol n'kumutumiza kusukulu. Zina mwa zilonda zimenezi zikapanda kuchizidwa ndi mankhwala oyenera zimakaononga mtima. Zaka zingapo zikadutsa mudzaona mwana wa zaka 12 akutupa miyendo, akulephera kukwera kachitunda ka kumsika, mudzazungulira naye ku Kamuzu Central mukufunsa kuti zachokera kuti. Zachokera pa switi zija.

Ndipo inu abambo amene mwakhala mukutsokomola kuyambira Pasaka, mukuonda, usiku thukuta kamukamu, mukuti ndi fumbi la kuntchito, mukutafuna jinja ngati mbuzi: chifuwa chikapitirira masabata awiri amakayezetsa makhololo. Kuyeza TB n'kwaulere, mankhwala ake aulere. Manyazi anuwo mukuwapumira ana anayi amene mukugona nawo chipinda chimodzi.

Dzulo ndinapita kukamuona mnyamata uja. Wamangidwa mabandeji kuyambira pamchombo mpaka m'mawondo, ndipo nesi akangoyandikira amayamba kunjenjemera. Chimfine chija chinatha chokha ali pabedi pomwepo. Pobwera, ndisanalowe n'komwe pageti, ndinakumana ndi mayi wa nyumba yachitatu mumpanda womwewu, amene anaona zonse usiku uja ndi maso ake, atasenza mtolo wa masamba a bulugamu, mwana ali kumbuyo akutsokomola. Ndinamulanda n'kuutaya kudzala. Akanene kwa amfumu ngati akufuna. Mulibe manyazi, anthu inu?