Zithunzi za Mlalang'amba si zabodza ayi

Munthu akangoika chithunzi cha Mlalang'amba pa Facebook, sipalephera kutuluka wina wonena kuti "izi n'zopanga pa kompyuta." Mawu amenewa amandiwawa, chifukwa thambo akulikanalo ndi lathu lomwe, la ku Chadiza, Katete ndi Mfuwe.

Nkhani yagona pa nthawi. Diso silisunga kuwala, koma kamera mukaikhazika pamwala osaigwedeza, n'kuisiya yotsegula masekondi 15 kapena 20, imakutunga pang'onopang'ono ngati ndowa yotchera madzi a mvula. N'chifukwa chake mkati mwa Mlalang'amba mumatuluka mizere yakuda imene maso amangoiona mwachimbuuzi. Imeneyo si mitambo yathu ino, ndi fumbi lotchinga nyenyezi za kuseri.

Pafupi ndi Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zotsatana zija, pali kachifunga kotuwa. Pachithunzi kamafiirira, ndipo apa m'pamene otsutsa amakuwa kwambiri kuti apaka utoto. Utoto wanji? Ndi mpweya wa hydrogen ukuwala mu kachifungako, kotchedwa Orion Nebula, momwe nyenyezi zatsopano zikubadwira mpaka lero.

Koma zimene ndimakonda ine ndi timitambo tiwiri ta kummwera, Magellanic Clouds, timene mphepo siitisuntha. Ndi milalang'amba ina payokha. Kuwala kwa kakakuluko kwayenda zaka pafupifupi 160,000 kuti kufike mu foni ya mnyamata wa ku Vubwi. Munthu wa ku London sangatione ali kwawo, ngakhale kamera yake ikhale yodula bwanji. Ife tili nato pamwamba pa nkhokwe, koma tikungojambula mwezi basi, mwezi womwewo tsiku ndi tsiku!

Nthanda nayo si nyenyezi, ndi pulaneti Venus. Jupiter mukaikoka ndi lenzi yaitali imaonetsa timadontho tinayi pambali pake, miyezi yomwe wasayansi Galileo anaiona mu 1610. Kamzere kowongoka kodutsa pachithunzi musathamangire kunena kuti nyenyezi yagwa; kawirikawiri imakhala satelaiti.

Anzanga ojambula a mu Chipata, malaiti a m'tauni amapha zambiri mwa izi. Tulukani njira ya ku Chadiza kapena ya ku Mfuwe mu June kapena July, mwezi uli ku mdima, pamene pakati pa Mlalang'amba pamafika pafupifupi pamutu usiku. Nyamulani jekete, kumazizira. Mukachedwa kufika September, utsi wa lupsa udzakhala utaphimba kale.