Amayi a mother group alowe m'makomiti oyendetsa sukulu

Mwezi watha ndinapita kumudzi kukaona amayi anga, ndipo ulendowo unakumanizana ndi tsiku limene amayi a mother group a pasukulu yathu ya pulayimale amakumana. Ndinakhala nawo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi ya sitandade 8. Analipo khumi. Awiri ankasoka nsalu zochapa zimene atsikana amagwiritsa ntchito akakhala kumwezi, pogwiritsa ntchito makina akale opalasa ndi mapazi, pamene ena ankawerenga ndalama zimene anapeza pogulitsa zitumbuwa ndi mandasi patsiku la msika. Ndalamazo zinali zogulira makope, sopo ndi yunifolomu ya atsikana awiri amene anabwerera kusukulu atabereka. Mayi wina wachikulire, amene analekera sitandade 4, ndi amene anapita kanayi kwa makolo a mmodzi mwa atsikanawo, kukhala pamkeka ndi kunyengerera, mpaka bambo wa mwanayo analola kuti achoke kubanja limene anamukankhirako.

Maganizo anga ndi akuti amayi oterewa ndi atsogoleri kale, koma timawasiya kunja kwa chipinda chimene mumagawidwa ndalama. Pamsonkhano wa komiti ya sukulu yomweyo, wapampando, wachiwiri wake ndi mlembi onse ndi amuna, ndipo amayi aja amaitanidwa kuti akaphike nsima ya alendo. Ndalama zimene boma limatumiza zotukulira sukulu zikabwera, amene amadziwa chifukwa chimene atsikana amajombera masiku anayi mwezi uliwonse safunsidwa n'komwe. Chaka chatha anapenta ofesi ya aphunzitsi, koma chipinda chosinthira atsikana mpaka lero chidakali pa maziko, ndipo udzu wamera m'kati mwake.

Malamulo si amene akusowa. Kuyambira mu 1993 mtsikana amene watenga pathupi amaloledwa kubwerera kusukulu akabereka. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati loti munthu akwatire kapena kukwatiwa atakwanitsa zaka 18, ndipo mu 2017 anasintha malamulo aakulu a dziko pochotsa mpata umene makolo ankagwiritsa ntchito kukwatitsa ana aang'ono. Koma lamulo silipita lokha kukagogoda pakhomo la bambo amene walandira kale ndalama kwa mwamuna wofunsira mwana wake. Amene amapita kumeneko ndi mayi wa chitenje, nthawi zambiri wopanda ndi njinga yomwe.

Nkhani ya Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza imandisonyeza zimene zimachitika mayi wotere akapatsidwa mpando. Iwo anagwira ntchito ya ulembi ku Zomba kwa zaka 27 asanalowe ufumu, ndipo atalowa anathetsa maukwati a ana oposa 800 m'zaka zitatu zokha, anasainitsa mafumu awo aang'ono pangano loletsa maukwati otere, ndipo anaimitsa pa ufumu amene anaswa panganolo. Chifundo chawo sichinali choposa cha mayi wa kumudzi kwathu uja. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo akalankhula, nyakwawa inkadziwa kuti ikhoza kuchotsedwa pampando.

Kundale nako n'chimodzimodzi. Amayi timawafuna kwambiri nthawi ya kampeni kuti avale zitenje za chipani, avine ndi kululutira, koma pa chisankho cha 2019 amayi amene analowa m'Nyumba ya Malamulo sanakwane 50 mwa aphungu 193. Tili ndi lamulo la 2013 lonena kuti pantchito za boma amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, ndipo nkhope ya Rose Chibambo timaiona tsiku ndi tsiku pa K200, koma kumudzi, kumene utsogoleri umayambira, palibe amene amawerenga kuti m'komiti muli amayi angati olankhula.

Ena amanena kuti amayiwa sadziwa kusunga ndalama za gulu. Amene amanena zimenezi sanakhalepo pa banki m'khonde. Bokosi lake limakhala ndi maloko atatu, makiyi amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, ndipo patsiku logawana palibe tambala imene imasowa popanda kufunsidwa. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika akhala akusonkha ufa, nkhuni ndi ndalama za odwala ndi amasiye kwa zaka zambiri popanda wowalembera ripoti. Mabungwe amene amachititsa maphunziro a utsogoleri m'mahotela a ku Lilongwe ndi ku Mangochi ndikanakonda atatenga gawo la ndalamazo n'kukaphunzitsa amayiwa kuwerenga bajeti ya sukulu ndi ya khonsolo, m'Chichewa, kumudzi komweko.

Ndisanachoke ndinafunsa mayi wachikulire uja ngati angaime nawo pa chisankho cha komiti ya sukulu chimene chikubwera. Anaseka n'kunena kuti, "Mwanawe, ine sukulu sindinapite nayo patali." Anzake asanu ndi anayi aja anamuyankha kuti adzamutchula dzina ndi iwowo, ndipo mmodzi anauza amayi anga kuti adzandiimbire foni tsikulo likayandikira kuti ndidzabwere kudzawerenga nawo mavoti.