Zipani zonsezi n'zamphika umodzi, tikufuna chathu

Loweruka lapitali ndinapsa mtima mpaka nsima inandikanika kukhosi. Phungu wakwathu, amene tinamuvotera ataima payekha, anaimirira pabwalo la sukulu atakoleka nsalu ya chipani m'khosi, n'kutiuza pamaso pathu kuti anthu ake ndi amene amutuma kuti alowe chipanicho. Anthu ake ati? Ine ndinapalasa njinga mudzi ndi mudzi kumupemphera mavoti munthu ameneyu. Tsiku lovota ndinachezera pasenta ndi tochi m'manja, udzudzu ukundidya, kulondera kuti voti yake ngakhale imodzi isasowe. Tinamukonda chifukwa chipani chomwechi chinamuchita chipongwe pa zisankho zachipulula, ndipo iye analumbira kuti sadzapondakonso. Lero wavala nsalu yawo. Palibe anatiitana pansi pa mtengo kutifunsa. Palibe.

Nditafika kunyumba mkwiyo unachoka pa iye n'kugwera pa ife tonse. Munthuyu akanapita kuti? Woima payekha alibe nyumba. Akafika ku Lilongwe amapeza makomo awiri okha otsegula, la boma ndi la otsutsa, ndipo onse okhala m'nyumba ziwirizo ndi pachibale. N'chifukwa chake ndikunena mosapsatira kuti dziko lino likufunika chipani chachitatu chenicheni, chosatuluka m'mimba mwa chipani china, chotsogozedwa ndi munthu amene sanadyepo m'mbale ya anthu awa.

Tawerengani nokha mbumba yake. A Bakili Muluzi asanatsogolere UDF anali mlembi wamkulu wa MCP nthawi ya Kamuzu. A Bingu wa Mutharika analowa m'boma mu 2004 pa tikiti ya UDF, chaka chisanathe anatuluka n'kuyambitsa DPP mu 2005. Mayi Joyce Banda anali wachiwiri kwa a Bingu, atachotsedwa mu DPP anayambitsa PP mu 2011. Malemu a Saulos Chilima anali wachiwiri kwa a Peter Mutharika, anatuluka mu DPP mu 2018 n'kutsogolera UTM. Agogo, mwana, zidzukulu. Chilichonse chinabadwa pamene akuluakulu anayambana pa mpando. Ndionetseni chimodzi chimene chinabadwa chifukwa alimi anatopa ndi mtengo wa feteleza, kapena chifukwa anamwino anatopa kuuza odwala kuti akagule okha mankhwala. Ndiye tikudabwa chiyani kuti nkhope zimene tinaziona zikuvina zitavala zachikasu ndi zomwezo zinavala zabuluu, kenako zalalanje, kenako za tambala wakuda, lero zabwereranso? Madzi saiwala khwawa.

Mu 2020 tinayenda m'misewu, tinapuma utsi wokhetsa misozi, khoti linafafaniza chisankho cha tipeksi pa 3 February, ndipo pa 23 June tinachotsa a Mutharika n'kuika a Chakwera ndi mgwirizano wa Tonse. Patangotha zaka zisanu, pa 16 September 2025, titatopa ndi kugona pamizere ya mafuta, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, shuga akusowa m'mashopu, tinachotsa a Chakwera n'kubwezeretsa a Mutharika omwewo. Pa mavoti 100 alionse, pafupifupi 90 anapita kwa anthu awiriwa, chikhalirecho pa pepala lovotera panali maina 17. Mukuganiza kuti anthu anavota chifukwa cha chikondi? Anavota ndi ululu. Munthu akapsa ndi moto kumanja amathawira kumanzere, akapsa kumanzere amabwerera kumanja, chifukwa nyumbayo ilibe khomo lina. Ife tazungulira chonchi kuyambira 1994 ndipo ana athu akuthawira ku Joni.

Wina asandiuze kuti Amalawi sangavotere munthu wopanda chipani chachikulu. Bodza limenelo. Mu 2014 aphungu oima paokha anapambana mipando 52 mwa 193, kuposa imene MCP inapeza. Mu 2019 anapambana 55. Anthu akumudzi, omwe ena amawanyoza kuti amangovotera nsalu, akhala akukana zipanizi poyera chisankho chilichonse. Koma aphungu amenewa akangolumbira amamwazikana ngati ngumbi, aliyense kukafuna pomwe pali kuwala, ndipo boma la tsikulo limawatola mmodzimmodzi. Tangoganizani mipando 55 imeneyo itakhala pansi pa denga limodzi, ndi mtsogoleri mmodzi, ndi mfundo zolembedwa zimene anasainira pamaso pa anthu awo. Palibe bajeti imene ingadutse popanda kuwagwadira. Mavoti alipo kale, abale anga. Chosowa ndi nyumba yowasungiramo.

Ndikudziwa ena ayamba kale kulemba kuti a Chakwera nawo anali obwera, anachokera kuguwa ku Assemblies of God mu 2013, nanga zinatha bwanji? A Bingu nawo anachokera ku COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a mu Africa. Eya, ndi zoona, ndipo n'chimene ndikunenacho. Onsewa anali alendo amene analowa m'nyumba ya eni ake. Ukalowa chipani chakale umapeza ngongole zakale zikukudikira: uyu anapereka galimoto za kampeni, uyu anamangidwapo chifukwa cha chipani, uyu bambo ake anali nduna, uyu ndi wa kwanu. Onsewo akufuna unduna, ukazembe, mpando m'bodi, kontrakiti ya msewu. Ngakhale utabwera ndi mtima woyera bwanji, pofika chaka chachiwiri wasanduka wolipira ngongole za anthu ena ndi misonkho yathu. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko akamulanda pakhomo ameta nako chiyani? Mlendo ameneyu abwere ndi nyumba yakeyake, yopanda ngongole kwa aliyense kupatula ovota.

Zinachitikapo m'dziko muno. Chakufwa Chihana sanali nduna ya Kamuzu, anali mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito. Anatsika ndege ku Lilongwe mu April 1992 akudziwa kuti amangidwa, ndipo anamangidwadi pabwalo la ndege pomwepo. Kulimba mtima kwake, pamodzi ndi kalata ya maepiskopi ya March chaka chomwecho, n'kumene kunatifikitsa pa riferendamu ya 1993. Chimene chinafooketsa AFORD, chipani cha Chihana, n'chakuti inakhala ya chigawo chimodzi, kenako inalowa m'boma la anzawo, n'kumezedwa. Phunziro lake lili poyera: chipani chimene ndikunenachi chikhale ndi mizu ku Chitipa, ku Ntchisi ndi ku Nsanje tsiku limodzi, ndipo chikane mpando wa wachiwiri ngakhale atachinyengerera chotani.

Ku Senegal anyamata ogwira ntchito yotolera misonkho anayambitsa chipani chawo cha PASTEF mu 2014. Anawaseka, anawachotsa ntchito, anawatsekera m'ndende. Mu March 2024 mmodzi wa iwo, Bassirou Diomaye Faye, anatuluka m'ndende kutatsala masiku 10 kuti anthu avote, ndipo anapambana upulezidenti ulendo woyamba womwewo, ali ndi zaka 44. Zinawatengera zaka khumi. Ife timafuna chipani chibadwe mu June, chipambane mu September, chikalephera timati zachitatu sizigwira kuno. Sizigwira chifukwa zimene timazitcha zachitatu zimakhala za munthu amene wangokwiya kuti sanamupatse mpando, chisankho chikatha iye wabwerera kwawo kukapepesa.

Ine sindikufuna wokwiya. Ndikufuna mphunzitsi wamkulu amene wayendetsa sukulu zaka 20 osaba ngakhale choko. Ndikufuna dokotala amene wakhala pachipatala cha boma nthawi imene anzake onse anapita kunja. Ndikufuna mayi amene wayendetsa kopaletivu ya alimi mabuku ake ali oyera. Anthu otere alipo, timawadziwa, timapemphera nawo. Ayambe ndi makhansala, atenge makhonsolo awiri atatu, tione misika ikusesedwa ndi ndalama za chitukuko zikufika pamjigo, kenako aphungu, kenako tikambe za Sanjika. Ndipo popeza tsopano pulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka, chipani chokhala ndi anthu ake okhazikika sichingatayidwenso ngati chongoononga mavoti. Akuluakuluwo adzachita kubwera okha kudzagogoda.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ife ophunzira. Timadziwa zonsezi. Timalemba bwino pa Facebook, timatukwana bwino m'magulu a WhatsApp, koma wina akati tiyeni tisonkhe K5,000 pamwezi tilipire ofesi ndi mafuta a njinga zamoto, foni zimazima. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tikudikira kuti wolemera wina adzatipangire chipani, ndiye tidzadabwe akadzafuna kubweza ndalama zake? Chipani chimene sitinasonkhere si chathu, n'cha amene analipira.

Ndipo pa nkhani ya ndalama yomweyi, lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti. Loweruka lija pabwalo paja ndinaona ndi maso angawa anyamata akutsitsa mabelo a nsalu m'galimoto, amayi akukankhana mpaka wina kugwa ndi mwana kumbuyo, mafumu akuitanidwa kuseri kwa kalasi mmodzimmodzi, aliyense akutuluka dzanja lili m'thumba. Apolisi anali pomwepo, akuthandiza kukonza mzere. Sukulu imene tinasonkhanapoyo ana a Sitandade 3 amaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, ndipo zimbudzi zinagwa ndi mvula ya chaka chatha.